Phazi la Abambo ndi Makina a ku Joni

Manjawira,
Ntcheu.
16 Febuluwale, 2025

Okondedwa achimwene Idris,

Asalaamu alaikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno mvula ikugwa ndithu, chimanga chamasula, ndipo matope a pamsika pano mukuwadziwa kale. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakalekale. Foni ya pakhomo pano imakhala m'thumba mwa abambo, ndipo uthenga wanu uliwonse amautsegula mokweza kuti ogula m'golosale amve nawo. Kalatayi ndapatsira a Fanizo, oyendetsa galimoto ya katundu aja, kuti akupatseni pamanja.

Achimwene, ine ndili ndi mantha. Nkhani ndi makina aja munatumizira abambo, ooneka ngati choumitsira tsitsi cha ku saluni, otulutsa mphepo yotentha ndi kuwala kwa buluu. Dzina lake likundipindabe lilime mpaka lero, terahezi. Tsiku limene anafika, abambo anawanyamula ngati khanda. Anayenda nawo shopu ndi shopu, mpaka kwa a Benson ogulitsa mpunga, akuti, "Onani, mwana wanga wandikumbukira." Sindikukunenani, koma mukudziwa nokha kuti papita zaka musanaponde kuno. Kwa iwo bokosi lija ndi inuyo.

Mukudziwanso kuti shuga anawachititsa dzanzi mapazi, moti atha kuponda munga osamva. Mu vidiyo munatumiza ija, mayi wovala zoyera uja amanena kuti mafunde a terahezi amalowa mpaka m'mafupa kukadzutsa magazi, ndipo kuti pakayamba kutentha usunthire pena. Ine nditayesa padzanja langa ndinachotsa msangamsanga. Koma abambo kutenthako sakumva. Ndiye iwo amangoti, "Ngati sindikumva, ndiye kuti mankhwala sanafike. Gwira pomwepo, Lukia." Ine ndinkagwira. Mkono ukanditopa ankalanda n'kumadziwomba okha, atakhala pabenchi kuseri kwa golosale, akumvera wailesi.

Sabata yatha ndinkawathirira madzi a wudhu, akudziyeretsa kuti akaswali masana. Atavula sokosi ndinaona thuza lalikulu pamwamba pa phazi lamanzere. Ndinakuwa mpaka ketulo inandipulumuka. Iwo anangoseka, akuti ndi zoipa za m'thupi zikutuluka, mu vidiyo muja ananenanso zimenezo. Thuzalo linaphulika. Pano pali chilonda, m'mbali mwake mwada bii, ndipo zala ziwiri zasintha mtundu. Dzulo pochapa masokosi awo ndinamva fungo. Amayi nawo alimva, koma mukuwadziwa amayi, angoyamba kufukiza lubani m'chipinda.

Phazilo ndinalijambula pa foni ya mnzanga Asma abambo akuwodzera, ndipo Lachitatu ndinanamizira kukaoda katundu ku boma. Ndinakaonana ndi a Nathan, mwamuna wa mnzanga wa kusukulu, amene amagwira ntchito kuchipatala. Anachiyang'ana chithunzicho kwa nthawi.

"Mwiniwake wa phazili ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Aa, inu! Mwabwera ndi chithunzi m'malo mwa munthu?"

Nditawafotokozera za makina, anati mafunde a terahezi alikodi, akatswiri amawagwiritsa ntchito pofufuza zinthu. Koma akuti m'mafupa safika. Amathera pakhungu pamwamba penipeni, chifukwa madzi a m'khungu amawameza, ndipo akachuluka chimene amachita ndi kutenthetsa. Zina zimene angachite pakhungu akuti zikufufuzidwabe, ndipo palibe anatsimikizapo kuti amachiza shuga.

"Chanucho sindikudziwa ngati mulinso terahezi n'komwe," anatero. "Ine chimene ndikuona apa n'chakuti phazi lapsa. Ndipo phazi la munthu wa shuga likapsa silichedwa kuwola."

Ndinawafunsa kuti zitha bwanji. Anati abambo akapita msanga mwina atayako chala, phazi n'kutsala. Akachedwa, amadula mmunsi mwa bondo. Ndinakwera minibasi chimanjamanja, ndipo kondakitala anachita kundigwedeza kuti tafika pa Manjawira.

Madzulo ake ndinagwada n'kuwauza abambo zonse. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangondifunsa motsitsa mawu, "Ukufuna ndikauze anthu kuti mwana wanga wanditumizira moto? Msika wonse uziti Idris wa a Sumani waotcha bambo ake?" Mawa lake ndinabisa makinawo m'thumba la mpunga. Anakana kudya, anakananso kumwa mapilitsi awo, mpaka makinawo ndinakawatulutsa ndekha ndikulira. Ndinapempha a shehe kuti adzalankhule nawo. Abambo anawalandira ndi tiyi, anavomera mawu alionse, a shehe atangotuluka anandituma kukalumikiza makina kumagetsi. Akuti ngati n'kuchipatala adzapita Ramadhani ikatha. Ndinawakumbutsa kuti pakadafunda padajiwitsa, iwo akuti miyambi ndisawaphunzitse, anayamba kuimva ndisanabadwe.

Achimwene, usiku sindikugona, masana ndikubweza chenji cholakwika. Ndikawaona akuyenda ulendo wa kumzikiti, akuponda mwamphamvu ngati palibe kanthu, mtima umangoti phaa. Munthu amene akumva ululu umatha kumunyengerera. Nanga amene sakumva chilichonse ndimuuza chiyani?

Pempho langa ndi limodzi. Musatumize ndalama, musatumizenso mankhwala ena a kumeneko. Imbani foni. Muwauze ndi pakamwa panu kuti makinawo si abwino, kuti amene anakugulitsani anakupusitsani, ndipo kuti inuyo, Idris, mukufuna apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ine, amayi, a shehe, tonse mawu athu akungogwera pansi. Akamva kwa inu sadzaona ngati akukuchititsani manyazi. Ndikudziwa kuti n'zowawa kunena, poti munagula ndi thukuta lanu komanso ndi mtima wabwino. Mlandu sindikukuimbani, pakuti dzanja limene linkagwira makinawo ndi langa. Koma chonde musayambe ndi kundifunsa ngati timawagwiritsa ntchito molondola, kapena kunena kuti mufunse kaye wogulitsa uja. Nthawi imeneyo tilibe. Galimoto yowatengera ku boma ndalankhula kale ndi a Benson, akungodikira mawu anga.

Abambo akudziwa kuti ndikukulemberani, koma akuyesa kuti ndi moni chabe. Amayi akuti moni, akuti muwapsompsonere adzukulu awo. A Benson ndi akazi awo akupereka moni. Alamu anga muwauze kuti ndawasowa. Abambo nditawafunsa ngati ali ndi mawu, nkhope inawala. Akuti ndikuuzeni kuti Allah akudalitseni, mwendo sukupweteka ngakhale pang'ono. Akutinso a Fanizo pobwerera muwapatsire nsapato zatsopano zoti adzavale pa Idi.

Nsapatozo gulani, achimwene. Koma yambani mwaimba foni, kuti adzavale zonse ziwiri.

Ndine mlongo wanu,
Lukia