Mapazi a Amayi

Lolemba, 3 Juni 2024

Alendo a maliro onse apita. Tatsala atatu: ine, Amayi, ndi azakhali a Mwanabibi amene abwera kudzawasamalira pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye satuluka pakhomo. Mpando wa Ababa ukadali pakhonde. Sindiuchotsa.

Lachitatu, 5 Juni

Amayi avuka patapata pochokera kubafa, ayenda mpaka kuchipinda osadziwa kuti phazi likuponda pansi. Akuti ndi dzanzi chabe. Lilime lawo lafiira, lasalala, akuti likuwotcha. Azakhali akuti ndi chisoni.

Chisoni ndikuchidziwa, ndili nacho. Sichivula munthu nsapato.

Lachinayi, 6 Juni

Mbale ya Amayi: masamba owiritsa ndi kamgaiwa. Dzulonso zomwezo. Ndatchula mazira, azakhali andiyang'ana ngati ndatukwana. "Hidaya, wa shuga sadya zonona. Ukufuna tiikenso wina?" Amatero chifukwa chowakonda, ndikudziwa.

Ndawerenga masana onse. Mapiritsi a shuga a metifomini, amene Amayi amamwa, munthu akamwa zaka zambiri, amatha kuchepetsa vitamini B12 m'thupi. Zizindikiro zake: dzanzi, lilime, kufooka. Vitaminiyu ali mu nsomba, mazira, chiwindi, mkaka. M'masamba mulibe. Chithandizo chikachedwa, mitsempha ya mapazi siibwereranso. Ndipo chilonda cha phazi losamva, kwa wa shuga, tonse tikudziwa kumene chimathera.

Lachisanu, 7 Juni

Ndawafunsa bwinobwino Amayi. Dzanzilo linayamba chaka chatha! "Bambo ako ankandisisita ndi mafuta tikaswali asiri, pemphero la chakumadzulo. Anati tisakudandaulitseni."

Ndinatuluka kukalira kuseri kwa khitchini.

Za kuchipatala akana. "Ndituluke manda asanaume? Anthu aziti chiyani?"

Loweruka, 8 Juni

Ndapita kwa a Shehe Sumani. Ndinakonzeka kukangana, mabuku onse ali m'mutu. Sipanafunike. Abwera okha, aima pakhonde, alankhula mokweza kuti amve a m'nyumba: "Mayi, eda si ndende. Wodwala amapita kuchipatala masana n'kubwerako. Mapaziwo ndi amana, Mulungu anangokusungitsani, Mwini wake adzakufunsani."

Azakhali: "Ine ndimanena zomwezo." Ndaseka koyamba chimwalirire Ababa.

Lachiwiri, 11 Juni

Tapita kuchipatala. Adokotala awagwira zala za kumapazi ndi kachingwe, Amayi atatseka maso. Sanamve. Magazi ndi ochepa. Ayamba jakisoni wa B12, mapiritsi a shuga asasiye. Lilime lichira msanga, mapazi pang'onopang'ono, mwina osati onse. Ndawapempha adokotalawo kuti auze azakhali za chakudya ndi pakamwa pawo. Awauza.

Lamulungu, 16 Juni

Azakhali abwera ndi usipa wauwisi, akudandaula kuti ogulitsa a masiku ano ndi akuba. Amayi auyang'ana nthawi yaitali. Ababa ndi amene ankabwera nawo, atapachika pa handulo ya njinga. Amayi adya nsomba zinayi. Ndinawerenga, inde.

Lachinayi, 11 Julayi

Tikaswali asiri ndimakokera mpando wa Ababa pafupi ndi khomo, mapazi a Amayi pamiyendo panga. Sindidziwa mmene Ababa ankawasisitira, ndimangoyesa.

Lero ndili pa chala chachikulu cha kumanzere, Amayi akoka mwendo.

"Iwe! Zikhadabozo sungawenge?"

Azakhali atulukira ndi chikombe m'manja, afunsa Amayi. "Wamva? Ajira, wamva?"

"Ndamva. Mwanayu ali ndi manja a nkhanu."

Abwezanso phazi pamiyendo panga.