Chuku Kuseri kwa Kabati ya Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo.

Chifuwa cha bambo chija sichinathe. Akagonekedwa kuchipatala amapezako bwino, akangobwerera kunyumba chimayambiranso. Adokotala atamva zimenezi anandifunsa ngati chipinda chawo chili ndi chinyontho.

Ndiye kunabwera mayi wina wa zaumoyo kudzayeza nyumba. Atangolowa kuchipinda kwa bambo anavala chophimba pakamwa ndi mphuno. Bambo anaseka, amvekere mwina mlendoyo akuopa ndevu zawo.

Titasuntha kabati ya malemu amayi, kuseka kunatha. Khoma lonse bii, chuku chokhachokha mpaka kudenga, chonyowa ngati chikutuluka thukuta. Madiresi a amayi m'katimo achita mawanga, fungo lake lokhala pakhosi.

Mayi uja anapalako pang'ono ndi kathonje, n'kutsekera m'kabotolo kuti akapime. Atabweranso ndi zotsatira, anakana ngakhale mpando. Anati madzi akhala akulowa pamng'alu wa khoma, ndipo chukucho chikuuluka mumpweya, bambo n'kumachipuma. Anati bambo atuluke m'chipindamo, khoma ligumulidwe pulasitala, zovalazo zitayidwe.

Achimwene, bambo mukuwadziwa. Akuti nyumba anamanga okha singawadye, ndipo wokhudza madiresi a mkazi wawo ayambe waika iwo m'manda. Kabati anaibwezera okha pamalo pake, akupuma movutikira. Tsopano amadzitsekera, kiyi m'thumba.

Amatsegulira munthu mmodzi yekha, mwana wanga wakhandayu. Ndikangotembenuka kukatunga madzi, ndimapeza amutenga, akumuimbira pabedi pomwepo, mutu wake utayandikira khoma lija. Ndikawalanda mwanayo amandiyang'ana ngati ndawalanda amayi kachiwiri.

Dzana mwanayu anayamba kulira m'chifuwa ngati kamluzu. Akuchipatala andiuza kuti asalowenso m'nyumba muno. Ndamanga kale katundu, mawa ndikupita naye kwa apongozi. Ndiye bambo atsala ndi ndani?

Chonde bwerani. Ine amati ndine mwana, koma inu mukalankhula amamva. Musadikire tchuthi. Mvula yayandikira, ndipo mng'alu uja ukukulirakulira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, akupatseninso mawu oti bambo atsegule chitseko.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi