Kalata Imene Inawoloka Yokha

Alesandriya,
Lachinayi, 6 Novembala

Okondedwa akulu anga, a Zakhari,

Chisomo ndi mtendere wa Ambuye zikhale pa inu ndi pa onse a m'nyumba mwanu. Ndiyamba ndi kufunsa za moyo wanu m'masiku ano a chisoni. Kodi mukudya? Kodi bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi? Chichokereni kwanuko, titaika alamu anga a Tafida m'manda, silinapite tsiku osakutchulani m'mapemphero. Ife kuno tili moyo, kupatula chifuwa cha amake Yustina chimene chimadza ndi mphepo ya nyengo ino chaka ndi chaka.

Kalata ino ndailemba papepala ndi dzanja langa, ndipo ndiipereka kwa Fahim woyendetsa basi ya ku Minya kuti aiike m'manja mwanu. Chifukwa chake muchimva. Ndakulakwirani, akulu anga, ngakhale kufikira lero sindinazindikire bwino mmene ndinalakwira.

Mudziwa kuti chipumireni ntchito ya ku positi, wansembe wathu Abuna Salib anandipatsa udindo wolemba zolengeza za mpingo wathu kuno: maubatizo, maliro, masiku osala kudya. Kale ndinkazikhoma pachitseko cha tchalitchi. Tsopano mpingo uli ndi tsamba lake pa intaneti, ndipo nkhani ikalowa pamenepo mafoni a Akhristu onse amalira. Yustina, mwana wanga amene alinso mwana wanu, poona kuti tsambalo likundisautsa, anandikonzera bolodi la ntchito pa kompyuta, logawidwa patatu. Kumanzere kumakhala timakhadi ta nkhani zoti ndilembe, pakati timene ndikulemba, kumanja timene ndatsiriza. Ati anamanga ulalo pakati pa bolodilo ndi tsamba la mpingo, kuti kakhadi kakangofika kumanja, nkhani yake iwoloke yokha. Ndinamufunsa kuti woinyamulayo ndani, popeza pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za ku positi sindinaonepo kalata yoyenda popanda miyendo ya munthu. Anangoseka, nati bambo inu za miyendo zisiyeni, muzingokankha basi.

Ndinamva ndi makutu, koma dzanja langa silinamve. Pakuti ku positi, kalata yotsirizidwa ndinkaiika kumanja kwa tebulo, nikhala pamenepo kudikira kufikira nditaimata ndi kuidinda. Kwa ine kumanja ndiko kodikirira. Zaka zonsezo kunali chomwecho.

Tsono nkhani yake nayi, imene munayenera kuimva poyamba inu. Mu Seputembala, alamu asanagonekedwe m'chipatala, kunafika kuno a Nasif ndi mwana wawo Wagdi, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, kudzafunsira Yustina. Ndinawayankha monga mwa mwambo wa kwathu, kuti mwanayu ali ndi atate ake aakulu ku Minya, ndipo ine sindingatsegule pakamwa iwo asanalankhule. Pomwepo maliro anatigwera. Ndinatsimikiza mumtima kukhala chete kufikira masiku makumi anayi atakwana.

Koma Lolemba lapitali ndinaganiza zoyamba kukonza mawu oti ndidzakutumizireni ikadzatha nthawi ya maliro. Ndinawalemba pa bolodi lija, chifukwa pamenepo zilembo n'zazikulu ndipo munthu amafufuta osaononga pepala. Nditatsiriza, dzanja langa linakankhira kakhadiko kumanja. Ndinavala chipewa, ndi kupita kukagula buledi.

Pobwera, ndisanalowe n'komwe pachipata, ndinamva nthungululu kuchokera pakhonde la m'mwamba. Anali mayi Nargis, anansi athu. Anafuula msewu wonse ukumva, kuti a Labib, munthu wa Mulungu ngati inu kubisa mkamwini ngati nkhuku yakuba! Ndinaima ndi buledi m'manja osamvetsa kanthu. Ndipo anaonjeza kundifunsa kuti nanga uvuniyo abwera liti, timuone.

Apa ndiyenera kuulula chinthu chimene chikundichititsa manyazi koposa. Pamwamba pa kakhadiko ndinali nditadzilembera mawu odzikumbutsa ndekha, akuti: Uyambe mofatsa, Labib, pakuti mkulu wako ali ngati uvuni wa amayi, amayaka msanga koma buledi wake ndi wokoma. Taonani, makinawo anatenga mawu amenewo nawasandutsa mutu wa nkhani, m'zilembo zazikulu, pansi penipeni pa mtanda wa mpingo. Pansi pake panali kalata yonse: dzina la Wagdi, dzina la Yustina, ndi dzina lanu.

Ndinathamangira m'nyumba ndi kukokera kakhadiko kumanzere, poganiza kuti nkhaniyo ibwerera nako. Siinabwerere. Ndinakafufuta kakhadiko konse. Nkhaniyo inakhalabe patsamba, ngati chithunzithunzi cha munthu amene wachoka kale. Ichi sindichimvetsa kufikira tsopano: chinthu chingakhale bwanji kutsidya pomwe tsinde lake ndalizula kuno? Yustina anali kuntchito, foni yake yotseka. Pamenepo ndinachita chimene ndinachiyesa chanzeru. Ndinalemba kakhadi kena, kopempha Akhristu onse kuti asawerenge nkhani yoyambayo pakuti inatuluka molakwika, ndi kukakankhira kumanja. Kameneko kanawoloka bwino lomwe. Mafoni analiranso kachiwiri, ndipo amene sanaione yoyamba ija anapita kukaifunafuna.

Yustina anafika masana, naichotsa nkhaniyo m'kuphethira kwa diso. Koma anali ataiwerenga kale anthu mazana awiri ndi khumi ndi anayi, pakuti makinawo amawerenganso owerenga. Anandiuza kuti ulalowo ndi wongopita, wobwerera palibe. Ndinamufunsa kuti ndi mmisiri wanji amene amamanga ulalo woti munthu awoloke koma asabwerere. Anakhala pansi nalira, nati bambo mwandikwatitsa pakhomo la tchalitchi amayi aakulu asanathe ngakhale mwezi m'manda, atate aakulu adzandiyang'ana ndi maso otani. Amake anaimirira pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, nati zaka zonse zija osataya kalata ya munthu ngakhale imodzi, lero mwadzataya yanu yomwe, ndiye kuitayira pamsika.

Ndinapita kwa Abuna Salib. Poyamba anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo, koma atakumbukira maliro nkhope yawo inagwa. Ndinawafunsa chimene ndiyenera kulapa, pakuti mtima wanga sunafune, pakamwa panga sipanalankhule, ndipo Yustina akuti makinawo sanalakwe, anangochita chimene anauzidwa. Nanga anawauza ndani? Ine sindinawauze kanthu. Abuna anati zimenezo tidzakambirana tsiku lina, koma lero ndipite ndikalembere mkulu wanga asanamve kwa anthu a m'njira. Ndikuopa kuti ndachedwa, chifukwa Ramzi, mwana wa anansi anu amene amagwira ntchito kudoko, amapemphera nafe, ndipo pakamwa pake mukupadziwa.

Lachiwiri madzulo kunafika a Nasif atavala jekete la paukwati, atanyamula botolo la sharibati, chakumwa chofiira chija timamwa mawu akagwirizana. Iwo anayesa kuti ndawayankha kudzera patsamba la mpingo, ati njira yachilendo koma ya masiku ano. Ndinawakhazika pansi ndi kuwauza kuti yankho silinaperekedwe, ndipo silili kwa ine. Anachita manyazi, inenso ndinachita manyazi, tinamwa tiyi osayang'anana. Botololo analisiya. Amake Yustina aliika pamwamba pa kabati, losatsegula.

Madzi akatayika saoleka, akulu anga. Sindingabweze zimene anthu anawerenga. Koma indetu ndinena pamaso pa Mulungu kuti sindinafune kuika chimwemwe pamwamba pa misozi yanu, kapena kukudumphani pa nkhani ya mwana amene munamunyamula pa ubatizo wake.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu la pa 16 tidzafika tonse kwanuko ku mapemphero a tsiku la makumi anayi, ndipo pa tsikulo sitidzatchula china koma dzina la a Tafida. Koma zikadzatha, pa nthawi imene mtima wanu udzalola, mubwere kuno mudzamuone mnyamatayu ndi maso anu. Mukadzati ayi, adzakhala ayi, angakhale mayi Nargis aimba kale nthungululu. Awa si mawu anga okha. Yustina wauza Wagdi kuti sadzavala mphete yake atate aakulu asanalankhule, ndipo ananena izi ngakhale kuti mnyamatayo amamukonda. Musalange mwana chifukwa cha dzanja la atate wake.

Za uvuni zija, ndikupempha chikhululukiro. Koma mukandikwiyira, mukumbukire kuti chiganizocho chinali ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiriyo anthu mazana awiri aja anaiwerenganso.

Mundiperekere moni kwa mlongo wathu Wadia ndi ana ake, kwa mwana wanu Girgis ndi mkazi wake, ndi kwa azakhali a Hanuna ngati akumvabe. Amake Yustina akuti uchi wa nzimbe munatipatsa uja ukuwathandiza chifuwa.

Yustina wagwetsa ulalo uja, akuti adzaumanganso ndi chipata chofunsa munthu kawiri asanawoloke. Kalata inoyo ndaiika kumanja kwa tebulo kuyambira m'mawa, ndipo ndakhala ndikuiyang'anira. Sinapite kulikonse. Botolo nalonso lili pomwe lija, likudikira dzanja lanu.

Ambuye akusungeni ndi kukutonthozani.

Ndine mng'ono wanu wolakwa,
Labib