Mbuzi ya a Lucky ibwerere yamoyo

Lilongwe,
9 Novembala

Achimwene a Lorenso,

Muli tani kumeneko ku Maseya? Amayi mwendo uja unaphwa, kapena akuumirirabe kupita kudimba dzuwa lili paliwombo? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi, sindikubisirani. Kalatayi ndapatsira a Goodwell a lole ya shuga, ndipo muiwerenge muli nokha. Pafoni ndalephera, chifukwa foni yanu ikangolira aliyense pakhomopo amasiya chomwe akuchita kuti amve nawo.

Kuno mvula yagwa kamodzi kokha, yongodzutsa fungo la dothi. Madzi m'mipopi akubwera tsiku lomwe afuna, ndipo eni nyumba akulonjezabe kukonza denga monga analonjezera chaka chatha. Zimenezo nzazing'ono, ndazolowera. Yandilembetsa ndi nkhani ya kuntchito.

Mukudziwa kuti ndimaphunzitsa timu ya atsikana ya basiketibolo pa koleji pano, ndipo mtsikana akatengedwa mu timuyi amaphunzira ulere, kugona ndi kudya komwe. Chaka chino akuluakulu atipatsa malo amodzi okha a munthu watsopano, pomwe owafuna alipo atatu.

Woyamba ndi Jennifer. Wasewera zaka zitatu pa koleji ina ku Blantyre, timu yawo inatha, ndiye akufuna kusamukira kuno kuti adzamalizire chaka chake chotsiriza. Mtsikanayu mpira amaudziwa, achimwene. Akalowa m'bwalo anzake amadekha, amawauza poima, ndipo zinthu zikathina chakumapeto iye sanjenjemera. Koma bondo lake lakumanzere amalimanga bandeji tsiku lililonse, ndipo sabata yatha ndinamuona akutsika masitepe chammbali poganiza kuti palibe akumuona. Ngakhale bondolo litapirira, chaka chamawa ngati lero adzakhala atapita.

Wachiwiri ndi Praise wathu, mwana wa a Lucky a kuseri kwa tchalitchi, amene ndinabwera naye mwezi watha kuti adzayesedwe. Abale inu, mwanayu wandiseketsa ndipo wandiliritsa! Iye anakulira mpira wa manja wa kusukulu, uja woti ukaugwira umaima. Kuno ukaugwira umayenera kuthamanga nawo uku ukuunjanjitsa pansi. Ndiye Praise akawakha mpira amangouma pomwepo, mwendo umodzi m'mwamba ngati kakowa, anzake n'kumulanda. Akamatchinga mdani amayamba wabwerera m'mbuyo kumupatsa mpata monga anamuphunzitsira aphunzitsi ake, ndipo akagundana ndi munthu amapepesa. Koma muuzeni aponye, muone. Kusukulu kwawo mtengo wa golo unalibe thabwa kumbuyo, anazolowera kulunjika pa mkombero penipeni, moti mpira wake umalowa osakhudza chitsulo. Kutopanso sakudziwa. Anzake akamadandaula kutentha kwa Lilongwe iye amafunsa kuti kutentha kwake kuli pati.

Wachitatu ndi Esinala wa ku Dedza, wamfupi koma waliwiro, nayenso watsopano. Kunena mosakondera, Praise amamuposa.

Mkulu wa zamasewera pano, a Macdonald, akufuna Jennifer. Akuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Anandikumbutsa kuti chaka chatha tinatsala pang'ono kutuluka mu ligi, ndipo tikatuluka chaka chino koleji ithetsa timu, atsikana onse ataye malo awo aulere. Sanali kungondiopseza, ndi momwe zililidi.

Ndinayeza nkhaniyi mpaka mutu kuwawa. Jennifer angatipulumutse chaka chino ngati bondo limulola. Praise chaka chino atiluzitsa masewero angapo, zimenezo sindikukana, koma akusintha ndikuona. Loweruka anayenda ndi mpira kuchoka ku golo ino kukafika ku inayo osaima, ndipo ndikamusula zaka zinayi palibe timu idzatiime kutsogolo. Komanso Jennifer tikamusiya sagona ndi njala, pali timu ya kampani ina yomwe ikumufuna kale. Praise tikamusiya mukudziwa nokha komwe akubwerera. A Lucky anangowaimitsa anthu a ku Nyachikadza aja, omwe anabwera kudzamufunsira mbeta bambo wogulitsa nsomba, kuti adikire kaye za koleji. Sanawakane. Mwanayo banjalo sakulifuna, anandiuza misozi ili chuchuchu.

Lolemba ndinalimba mtima ndi kuwauza a Macdonald kuti dzina lomwe ndipereke ku komiti ndi la Praise. Anati chabwino, koma zikadzavuta mlandu udzakhala wanga. Ndinavomera, ndipo ndinatuluka mu ofesimo mtima uli m'malo.

Tsoka linabwera Lachiwiri. Tikuchokera kubwalo pa minibasi ya koleji, atsikana ankanyozana za kumidzi kwawo, ena akuti a ku Chikwawa ndi ouma manja. Praise, mtima uli mbee, anayankha monyadira kuti bambo ake si munthu wosayamika, tsiku lomwe iye ananyamuka anakapereka mbuzi yathunthu kwa amayi a kochi, ndiye kuti amayi athu. Atsikana onse anamva, ndi Esinala yemwe.

Achimwene, mbuzi inalowa m'khola mwathu inu osandiuza bwanji? Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa kuti kwathu munthu akakutengera mwana kutauni sumuthokoza ndi takhuta wapakamwa pokha, ndipo a Lucky anachita zomwe makolo awo ankachita. Koma kuno chinthu chomwecho amachitcha ziphuphu. Lamulo la koleji likuti kochi wolandira kanthu kwa makolo a wosewera amachotsedwa ntchito, ndipo mwanayo saloledwanso kuponda pano. Za ine zisiyeni, ndili ndi pepala langa, ndikhoza kukaphunzitsa kwina. Ndikuopera Praise.

Esinala anakawauza amalume ake, amalume akewo n'kuimbira ku ofesi. Sindikumuda mwanayo, nanenso ndikanakhala iye ndikanaganiza kuti malo anagulidwa. Dzulo a Macdonald anandiitana, natseka chitseko, n'kundifunsa ngati nzoona. Ndinawauza kuti nanenso ndinamvera pa minibasi. Anati iwo akundikhulupirira, koma komiti ikumana Lachitatu likudzali ndipo siidzamva za miyambo ya kwathu. Chomwe chingatipulumutse ndi chakuti mbuziyo ikhale itabwerera kwa mwini wake, yomweyo, yamoyo, ndipo munthu yemwe si wachibale aimbe foni kuchitira umboni. Ndinafunsa ngati tingathe kugula ina ikakhala kuti ija palibe. Anapukusa mutu nati kulipira chinthu chomwe wadya kale ndi kuvomera kuti unalandira. Zikatero dzina la Praise lichotsedwa, Jennifer alowa, nkhani yathera pomwepo.

Apa ndi pomwe mantha andigwira. Praise akuti amayi ananena kuti mbuziyo isungidwire sadaka ya malemu ababa ya pa 18. Koma ndinamva kuti amalume a ku Nsanje anabwera Lamulungu kudzakonza za sadakayo, ndipo amayi ndimawadziwa ine. Sangawadyetse alongo awo therere mbuzi ikulira m'khola. Chiyambire dzulo chakudya sichikulowa.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati ikadali moyo, ibwezeni kwa a Lucky, masana anthu akuona, ndipo mutenge akatekisiti a Limbani kuti akhale mboni ndi kudzaimba foni kuno.

Koma chonde, musayambe mwatulukira pakhomo pawo chingwe chili m'manja. A Lucky akangoona mbuzi yawo ikulowa pabwalo adzati mwana wawo wakanidwa, ndipo dzuwa lisanalowe uthenga udzakhala utapita ku Nyachikadza. Pitani kaye chimanjamanja, mukhale nawo pansi, muwafotokozere bwinobwino kuti mwana wawo ndamusankha ndine, pa luso lake, ndipo chomwe chingamugwetse ndi mphatso yawoyo. Awuzeni kuti sitikuwanyoza. Akavuta, auzeni kuti aisunge, iswane, tidzadye limodzi tsiku lomwe Praise adzamalize sukulu, pomwe palibe adzatifunse. Akamvetsa, m'pamene mubwerere kukaitenga.

Amayi akwiya, ndikudziwa. Adzati kubweza mphatso ndi kulavulira munthu kumaso, adzati tauni yandiwononga, ndiponso adzafunsa kuti anthu adzadyera chiyani pa sadaka. Ndiwo za sadaka ndidzaona ine ndikabwera. Mkwiyo wawo muulozere kwa ine, ndidzagwada ndekha.

Chinanso chikundisowetsa mtendere, ndikuuzeni inu nokha. Chimvereni za mbuziyi, ndikamuyang'ana Praise m'bwalo ndimayamba kudzifunsa ngati ndinamusankha chifukwa amatha kapena chifukwa ndi wakwathu. Lolemba ndinalibe chikaiko chilichonse. Lero Jennifer akaponya bwino ndimachita manyazi, ngati ndamubera. Ngakhale mbuzi itabwerera, atsikana enawa adzandiyang'ana ndi diso lina chaka chonse, ndipo tikadzaluza kamodzi kokha ndikudziwa zomwe zidzanong'onedwe. Komabe dzinalo sindisintha.

Moni kwa amayi, muwauze asiye kudimba mpaka mwendo upole. Moni kwa alamu anga a Maness, kwa ana onse, kwa azakhali a ku boma, ndi kwa amalume ngati sanabwerere ku Nsanje. Akatekisiti muwathokozeretu m'malo mwanga.

Mukangowerenga, pitani kukhola musanachite china chilichonse. Mukapeza kuti mpeni unadutsa kale, musandinyengerere ndipo musadikire a Goodwell. Ndiimbireni, mungonena kuti zinachitika kale, ine ndimva. Ndikufuna ndimuuze Praise ndekha ndi kumukweza basi ya ku Chikwawa mwakachetechete, asanamuitanire ku ofesi n'kumutchula wogula malo pamaso pa anzake. Mpaka pano sakudziwa kuti pakamwa pake pabala chiyani. Akugona kwa ine podikira komiti, ndipo m'mawa uno, akutsuka nsapato zake, amandifunsa ngati ku chipinda cha ku koleji amalola kupachika chithunzi cha amayi ake pakhoma.

Ndine mlongo wanu wamantha,
Emelia