Thumba la mchenga pa dziwe la a Digiri

Lolemba, 6 Okutobala

Sabata yachitatu m'nyumba ya mwana wanga, a Digiri. Anandibweretsa kuno chifukwa cha mawondo, ati ndikhale pafupi ndi chipatala. Kachipinda kanga kali kuseri, zenera lapenya dziwe lawo losambira.

Dziwe! Chidzenje ngati bwalo la mpira, madzi tho, koma osamwa, osachapira, osathirira ndi tomato yemwe. Ine zitsime 64 ndinakumba ndi manja awa. Chilichonse ndinachisiya ndi chivundikiro cha simenti. Simunagwe mwana, simunagwe ndi nkhuku yomwe. Awa akumba ndi makina n'kusiya kukamwa yasa ngati ng'ona.

Kambuzi, mdzukulu wanga, wayamba kuyenda Lachisanu lapitali. Chaka ndi miyezi iwiri. Kuyenda kwake n'kugwa chakutsogolo mpaka kafike komwe kakufuna. Kuchoka pakhomo la khitchini kufika pamadzi, mapazi anga khumi ndi limodzi. Ndawerenga kawiri.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndanena za mpanda wotchingira dziwe pa tiyi wam'mawa. A Digiri, maso pafoni: "Bambo, zimenezi anapanga ndi akatswiri." Apongozi anga, a Dona, ati mpanda uwononga maonekedwe. Maonekedwe! Kumanda nakonso amabzalako maluwa.

Andionetsa timatumba tampweya tomveka mwana m'mikono. Timakhala m'kabati, m'chipinda cham'mwamba. Ndiye kuti madzi adzayamba adikira kuti mwana akwere masitepe akavale.

M'kalasi sindinapondemo, n'zoona. Zilembo ndinaziphunzira pa matumba a simenti, ndili ndi ndevu kale. Koma mwana wofera m'madzi ndinamuvuulapo, m'chitsime cha mmisiri wina waulesi. Amayi ake ankapeta mpunga chapomwepo. Sanamve kanthu. Awa akuganiza kuti womira amakuwa ngati pa kanema.

Loweruka, 11 Okutobala

Alendo. Akuluakulu khumi ndi awiri kuzungulira dziwe, aliyense tambula kudzanja ili, foni kudzanja linalo. Masukulu onsewo pamodzi, maso ndi amodzi omwe palibe. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akuona mwana.

Mpira wofiira unagwera m'madzi. Kambuzi kuulondola, dzandi dzandi, mpaka zala zakumapazi pamphepete penipeni. Ndinakakola ndi ndodo yanga pa lamba wa thewera n'kukakokera kumbuyo. Kanalira. Apo ndiye onse anacheuka, kufuna kuona nkhalamba imene ikuliza mwana.

Nditafotokoza, wina wamimba yaikulu anati, "Agogo ndiye alonda athu, apatseni wisulo." Anaseka onse. A Digiri nawo anaseka.

Sindinadye nawo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Chabwera "chivundikiro". Chipepala cha pulasitiki chabuluu, choyandama pamadzi. A Digiri, chifuwa patsogolo: "Nacho chivundikiro chanu, bambo. Tsopano mtima pansi."

Ndinam'tsatira kugalimoto bambo amene anachibweretsa. Ndinati kodi chimanyamula makilo angati? Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ati n'choletsa masamba ndi kusunga madzi ofunda, basi. Mwana wanga sanafunse zimenezo. Wophunzira safunsa, amawerenga pa bokosi.

Tsopano zaipiratu. Kale madzi ankaoneka kuti ndi madzi. Lero pakuoneka ngati pansi popolisha. Kambuzi kanaima pakhomo n'kuomba m'manja.

Pa ntchito yanga chivundikiro sitinkachikhulupirira ndi maso. Ndinkaimapo ndekha n'kudumpha katatu mwini chitsime akuona. Chikasweka, wogwa ndi ine. Ndauza a Digiri kuti adumphepo katatu. Ati ndisiye nthabwala.

Lachinayi, 16 Okutobala

Galu wamkota sakandira pachabe. Akana mawu, aone ndi maso.

Kambuzi ndakaimika pa sikelo ya a Dona, imene amadziyezera m'mawa uliwonse n'kukwiya. Makilo khumi. Ndapempha mchenga kwa omanga nyumba yoyandikana nafe, ndathira m'thumba makilo khumi ndendende. Ndamanga chingwe chakumtunda kuti pakhale ngati mutu.

Thumba lokha adzangoseka, ndikuwadziwa. Anthu a mabuku amafuna chithunzi. Ndatenga kadiresi kachikasu ka Kambuzi pa chingwe choyanikira. Kakwana bwino.

Loweruka onse adzakhalapo. Ndidzawaitana, aime pamphepete, ndiike thumba pa chipepala chawocho. Tione akatswiri.

Lolemba, 20 Okutobala

Masiku awiri cholembera chikukana m'manja.

Loweruka m'mawa. A Digiri anali kumaso akutsuka galimoto, Kambuzi ali nako komweko. Ndinakokera thumba kudziwe. Ndinati ndiyambe ndayesa ndekha, kuopa kuchita manyazi pamaso pawo ngati chipepala chinganyamule. Apo ndi pomwe zinalakwika.

Ndinaliika pang'onopang'ono. Chipepala chinangopindika n'kulimeza, n'kubwerera pamwamba pake. Popanda ndi phokoso lomwe. Kunangotsala kansonga kachikasu.

A Dona anali pazenera lam'mwamba. Sindinawaone. Iwo anaona chikasucho.

Kukuwa kuja ndinakumvapo kamodzi kokha pa moyo wanga. Masitepe sindikudziwa anatsika bwanji. Anandidutsa ngati mphepo, ine ndikuti "Mayi, mayi, ndi mchenga," osamva. Analumphira pachipepala pomwepo. Chinawakulunga ngati nsomba mu ukonde, mutu pansi, miyendo ikupalasa pulasitiki.

Ine kusambira sindidziwa. M'chitsime timatsika ndi chingwe. Zaka zonsezi sindinauzepo munthu.

Ndinagwira mtengo wautali wochotsera masamba, kupisa pansi pa chipepala, kufufuza, kukuwa dzina la mwana wanga ngati ali wamng'ono. Anabwera, analowa ndi nsapato zomwe, anang'amba chipepala ndi manja. Anawatulutsa akusanza madzi.

Thumba anali atalikumbatira. Analifikira pansi pomwe, mayi ameneyu, m'mdima, wokulungidwa. Pa simenti paja ankalisisita kumsana. Mwamuna wawo akuti taona, mwana ndi uyu ali apa, iwo osalisiya thumba.

A Digiri anati, "Bambo, ufiti wanji umenewu?" Ine ndinati, "Mwachiona chivundikiro chanu." Mawu oona. Pakamwa poipa.

Lachitatu, 22 Okutobala

Palibe wondilankhula. Chakudya amasiya pakhomo pa thireyi, ngati wa chifuwa chachikulu. Kambuzi amakabweza kakalunjika kuno.

A Digiri alowa dzulo, osakhala pansi. Tikiti ya basi pa tebulo. Loweruka ndipite kwa mlongo wawo, ndikakhale kumeneko "kaye". Mawondo aja achira, kani.

Koma amisiri a mpanda abwera lero. Maonekedwe aja apita kuti? Ndikuwaonera pazenera. Atatu, mmodzi wogwira ntchito, awiri omuyamikira. Simenti akusakaniza ngati phala la wodwala. Nsanamira yapakona yapendekeka, ndikuiona ndili pano, iwo ali nayo pamphuno.

Kadiresi kachikasu ndakaona m'bini. Kabwinobwino, kosang'ambika.

Pepani ali pakhosi ngati munga wa nsomba. Satsika, satuluka.

Lachisanu, 24 Okutobala

Mpanda watha dzulo. Woyera, wonyezimira. A Digiri aujambula n'kutumizira anzawo.

Masana ano kugogoda. A Dona, Kambuzi kali m'manja. Maso awo pa nsapato zanga. Anangoti, "Kauyeseni, bambo."

Ndinadzuka n'kulunjika kumpanda. Nsanamira ndinagwedeza imodziimodzi, yapakona yokha ndiyo ikuvina. Mipata ya zitsulo ndinayeza ndi chibakera, mutu wa mwana sungapite. Bwino. Kenako chitseko. Sichidzitseka chokha, uchite kuchikankha. Kotsekera kali m'munsi, pa bondo langa.

Ndinati, "Mayi, m'tsitseni mwanayo. Inu imani m'kati, msana kumadzi."

Anandiyang'ana koyamba chichitikire zija. Anam'tsitsa. Kambuzi dzandi dzandi, kugwira kachitsulo kowala kaja, kukoka. Chitseko yasa. Kanaseka, n'kugwera m'miyendo ya amake.

A Dona anapita kugaraja, anabwera ndi waya ndi pulayala. Iwo kugwira chitseko, ine kupota. Tinamanga pawiri, m'mwamba ndi m'munsi.

Ali chotembenuka anati, "Amisiri abweranso Lolemba, adzakweze kotsekera." Ndinati ndamva. Anati, "Basi yanu ndi ya mawa." Ndinati ndikudziwa. Anaima pang'ono ngati pali china, kenako anam'nyamula mwana n'kulowa.

Chikwama ndamanga kale. Sindipempha munthu, sindinapemphepo. Koma Lolemba amisiri ajawa, atatu aja, popanda wowaimirira pamsana, kotsekera adzakaika pomwe afika manja awo osaweramuka, ndipo nsanamira yapakona ija adzaisiya ikuvinabe.