Ndafika ku Chambe ndi Miyendo Yanga

Alemekezeke Mulungu wamoyo amene anandipatsa miyendo iwiriyi!

Wokondedwa Esinati, mwana wa achimwene anga,

Uli bwanji ku Mzuzuko ndi sukulu? Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija, koma lero sindilidandaula.

Mwanawe, ndakwera phiri mpaka ku Chambe. Amayi a m'mudzi muno amakadzala mbande za mkungudza kumtundako, ine ndinawakakamira. Amake Joyisi anandiseka, akuti, "Inu mukufuna tikakutsitseni pa machila?" Ndinati olo chokwawa ndikafika. Zaka zonse zija malemu amuna anga ankasenza matabwa kumeneko, ine sindinapondeko. Akabwera n'kugona osayankhula, ndinkawanena kuti ndi aulesi.

Tinanyamuka m'mamawa, kudutsa midzi ya m'tsinde ana akutikuwiza. Pathanthwe lina loterera bondo linakana, ndinakhala pansi n'kulira. Zoona munthu ankatsika pamenepo thabwa lili pamutu?

Titafika pa kanyumba kogona alendo, mitambo inali pansi pathu ngati thonje loyanika. Minda ya tiyi osaoneka, mudzi osaoneka, kuli zii. Ndinakanda chitsa chakale cha mkungudza ndi chikhadabo n'kununkhiza. Esinati, fungo la malaya a malemu amuna anga lenileni. Ndinawapepesa pomwepo, mtima n'kupepuka ngati ndabwerera ku utsikana. Mbande yanga ndinadzala pambali pa chitsacho.

Ukabwera pa holide udzandiperekeze, tikaone ngati yagwira. Uzipemphera, ndipo usamagone ndi njala. Mwezi ukatha, tikalandira malipiro ku esiteti ya tiyi, ndikutumizira kangachepe pa foni.

Ambuye akufungatire.

Ndine azakhali ako,
Amake Fatsani