Pomwe Dzanja Langa Lathera

Lolemba, 9 Juni

Lero kachi-11 kuwotchedwa ndi makina a khansa kuchipatala. Kwatsala 14. Anesi ena aatali akuti ndizilemba m'kabuku mmene khungu likuchitira. Khungu lili bwino, zikomo. Mwini khungu ndiye ali bwino koposa.

Chibwenzi changa chatsopano sichinajombepo. Makina aja. Hafu pasiti naini ndimakhala nditagona kale, mkono uli m'mwamba. Amabwera, kundizungulira, kung'ung'udza, kuwotcha pomwe panali bere lakumanzere, basi, n'kuchoka osanena ngakhale zikomo. Bere lotsalali limangoonerera ngati mkazi wamkulu. Ndawauza anzanga pabenchi kuti amuna onse ndi otero, koma uyu bola sapempha madzi osamba.

Pabenchi lathu tilipo atatu. Amayamba kulowa ndi Apolisi, kamayi kakafupi koimitsa magalimoto pamsewu. Kenako Aphunzitsi, opuma ntchito, omwe amasita ngakhale mpango wakumutu. Amuna awo amawadikira panja m'galimoto, sanalowepo. Womaliza ndine, amayi a saluni, mfumukazi yoluka tsitsi yopanda tsitsi ndi limodzi lomwe.

Ndati ndisanadwale ndinkaluka mitu 40 patsiku. Apolisi akuti, "Achemwali, Lachisanu munati 20." Ndati inayo inali ya ana, sindinawerenge. Aphunzitsi angokweza nsidze imodzi. Kumeneko ndiye kuseka kwawo.

Lachiwiri, 10 Juni

Kachipinda kosinthira zovala n'ka munthu mmodzi. Koma Apolisi akatuluka kumakina amadikira Aphunzitsi, n'kulowamo awiri, katani tseku. Tsiku lililonse. Nthawi imeneyo ine ndimakhala ndikuitanidwa.

Lero ndakuwa ndili pakhomo la makina, "Bwana, Aphunzitsiwo alakwa chiyani kuti muziwafunsa mlandu m'mawa uliwonse?" Ndamva akuseka kuseri kwa katani.

Zawo zimenezo. Anthu ophunzira. Ine sukulu ndinaisiya ikundifunabe, mwina nkhani zawo n'zachizungu.

Lachinayi, 12 Juni

Tsiku loonana ndi adokotala. Andiyang'ana kutsogolo, kenako akuti tembenukani. Akuti moto wa makina umalowa pachifuwa n'kutulukira kumsana, pansi pa phewa, ndipo pamenepo payamba kufiira. Andipatsa kachubu ka mafuta. Kawiri patsiku, ndikangochoka kumakina ndi madzulo.

"Kunyumba alipo wokudzolani kumsanaku?"

Chitseko chinali pululu, benchi lonse makutu tcheru. Pakamwa panga pajatu sipadikira mwini wake. Ndati, "Alipo! Mwana wanga wamkazi. Manja ake ngati thonje. Amandidzola mpaka ndimaterereka pabedi n'kugwera pansi."

Chabwino. M'kabuku muno mokha tinene zoona, poti kabuku sikaseka.

Ndimakhala ndekha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa owotcherera zitsulo, mphindi khumi kuchokera kuchipatala. Muli bedi, ketulo, mpando umodzi, ndi msomali wopachikapo wigi. Mwana wanga ali kutali, ulendo wa masiku awiri pabasi, ndi khanda la miyezi itatu ndi bwana wankhanza. Iye ndinamuuza kuti anzanga a kuchipatala amandisamala ngati dzira. Anzangawo ndawauza kuti mwana amandisamala ngati dzira. Dziralo lili pano lokhalokha.

Mkono wakumanzere chichotsereni bere sukwera, kumakina amachita kuukweza anesi. Wakumanja ndayesa, ukufika paphewa n'kuima. Pofiirapo pali patsogolo pang'ono, zala zinayi basi.

Lachisanu, 13 Juni

Apolisi amaliza! Atuluka atavala gauni ya chipatala, aima njo, n'kumenyera makina sawasha. Anesi onse kuseka. Ine ndaimba nthungululu mpaka mlonda wabwera kudzaona ngati kwabadwa mwana.

Potsanzikana andikumbatira cham'mbali, mbali yabwinoyi, n'kundinong'oneza, "Achemwali, Aphunzitsi ndakusiyirani. Muziwayang'anira."

Ndati awa? Ali ndi galimoto, ali ndi bambo, ali ndi simbi. Ine ndiwayang'anire chiyani, nsidze?

Anali ngati anena kanthu, koma basi yawo inali ya leveni.

Loweruka, 14 Juni

Loweruka makina sagwira ntchito. Ngakhale chibwenzicho chili ndi banja lake.

Lamulungu, 15 Juni

Owotcherera zitsulo sanatsegule. Mkati mwa sabata ndimawatukwana chamumtima chifukwa cha phokoso, lero ndawasowa. Ndalankhula ndi ketulo. Yandiyankha bwino, kuposa anthu ena.

Mwana waimba. "Amayi, anzanu aja abwera lero?" Ndati angotuluka kumene, analipo asanu ndi awiri, ena akhala pansi kusowa mipando. Akuti bwana wamulola tsiku limodzi lokha, Loweruka pa 28, adzanditenge ndikamaliza pa 27. Tsiku lina palibe. Khanda linayamba kulira, foni n'kuduka.

Ndapesa wigi kawiri. Sindikupita kulikonse.

Lolemba, 16 Juni

Kachi-16. Kwatsala 9.

Pamalo pa Apolisi abwera amayi awiri atsopano, maso ali tuzu ngati nkhuku zogulidwa lero. Ndawalandira bwino. Ndawauza kuti makina aja akakukonda amakuimbira nyimbo, ine anandifunsira kale.

Chodabwitsa: potuluka ndapeza Aphunzitsi akadali pompo, ataima pakatani, kachubu kawo kali m'manja. Sanandidikirepo chiyambire.

"Amayi a saluni, mwana wanu amakudzolani nthawi yanji?"

Ndati m'mawa, masana, madzulo, nthawi zina amadzuka dala kuti awonjezere. Ndati mwana amene uja akanakhala nesi chipatala chino chikanatsekedwa, odwala onse atachira.

Agwedeza mutu, abweza kachubu m'chikwama, zipi tseku. "Muli ndi mwayi." N'kumapita kugalimoto.

Kaduka basi.

Lachitatu, 18 Juni

Ndalakwa lero.

Gauni ya chipatala ija imatseguka kumbuyo. Ndikudzuka pabenchi, Aphunzitsi akuti chapansipansi, "Amayi a saluni, mafuta anu akuthera pomwe dzanja lanu lathera. Phewa likunyezimira, pansi pakepo pauma gwa."

Atsopano aja anamva. Ndinaona akuyang'anizana. Nkhope yanga inatentha kuposa msana.

Ndati mokweza, "Aphunzitsi, musiye kuchonga misana ya anthu ngati makope. Kachongeni amuna anu, amene anakwatira galimoto aja. Mwezi wathunthu munthu osatsika, kapena anamera mizu pampando?"

Atsopano aja anaseka kwambiri. Nthabwala yake inali yabwino, zoona. Koma nsidze sinakwere. Aphunzitsi anangoyang'ana khadi lawo la chipatala, kulitembenuza, kulitembenuzanso, mpaka anesi atawaitana.

Potuluka sindinawapeze.

Lachinayi, 19 Juni

Adokotala sanaseke nthabwala yanga ngakhale imodzi, ndipo ndinaponya zitatu. Akuti kumsana kwada, kwayamba kusupuka. Pakangotseguka chilonda chonyowa aimitsa makina sabata imodzi kapena kuposa. "Sitifuna kuimitsa, mayi. Mwana wanuyo akudzoladi?"

Ndati akudzola, koma ali ndi dzanja lopepuka.

Kwatsala 6. Akaimitsa, pa 27 sindimaliza. Mwana adzafika pa 28, adzaona kachipinda aka, mpando umodzi, kapu imodzi, n'kubwerera yekha. Ine n'kutsala ndi ketulo.

Lachisanu, 20 Juni

Aphunzitsi amaliza lero. Palibe sawasha, palibe nthungululu. Nditaona akutuluka ndinaika foni kukhutu, kumalankhula ndi munthu woti kulibe. Ndinafika mpaka pomuseka munthuyo.

Anaima patsogolo panga kudikira. Ndinatsitsa foni.

"Tsalani bwino, amayi a saluni."

Ndati, "Pitani bwino, mupereke moni kwa galimoto." Ndinkafuna kunena pepani, koma panjira mawuwo anasintha okha.

Ndinawaona pawindo. Bambo aja sanatsike n'komwe kuwatsegulira chitseko. Nyuzipepala pii kumaso.

Loweruka, 21 Juni

Nzeru za ine! Ndatenga supuni yaitali yamtengo, ndakulunga kansalu kumutu kwake, ndapaka mafuta, ndaima chammbali pagalasi. Ndati lero ndapeza mwana womvera, wosapempha tchuthi kwa bwana.

Kawiri koyamba zinayenda. Kachitatu kansalu kanavuka, supuni n'kukanda penipeni posupukapo. Ndinaona nyenyezi masanasana. Ndinakuwa mpaka owotcherera zitsulo anazimitsa makina awo. Mmodzi anafunsa panja, "Mayi, kwagwanji?" Ndati ndikuyeserera nyimbo ya kwaya.

Ndinakhala pabedi ndi supuni m'manja. Ndalira, inde. Pang'ono. Ndowa ziwiri.

Lamulungu, 22 Juni

Chagada sindingagone, chafufumimba sindingagone. Ndakhala tsonga tsiku lonse ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chabwino, koma chitseko cha ndani? Mwezi wathunthu pabenchi limodzi, nkhani zanga zonse anazimva, nambala yawo sindinapemphe.

Lolemba, 23 Juni

Kachi-21. Anesi aatali aona pokandikapo, aitsa mluzu pang'ono. Akuti sipananyowe, koma Lachinayi adokotala ndiwo agamule.

Pabenchi sindinanene kanthu. Mmodzi wa atsopano aja wandigwira bondo, akuti, "Amayi, lero mukudwala kodi?" M'chipatala cha khansa! Ndinafuna kuseka, osatheka.

Lachiwiri, 24 Juni

Kachi-22. Kwatsala 3.

Ndikutuluka kumakina, gauni ndagwira kumbuyo kuti anthu asaone, ndangoona munthu waima pakatani. Aphunzitsi. Mpango wosasita, nsapato zili fumbi lokhalokha. Ndinasuzumira pawindo, galimoto palibe.

Ndati, "Aphunzitsi, mwaiwala chiyani? Sukulu inatsekera Lachisanu."

"Lowani."

Ndinalowa ngati mwana wochedwa. Katani tseku. Kachipindako n'kakang'onodi, mawondo kugundana. Ndinkadikira kuti andikalipire. Iwo anamasula mabatani a bulauzi, mmodzimmodzi, n'kutembenuka kuyang'ana kukhoma.

Mayo ine. Msana wawo ndi woposa wanga. Wakuda bii, wosupuka ngati khoma lakale.

Analankhula akuyang'ana khoma lomwelo. Akuti ukamaliza, moto umapitirirabe m'khungu milungu iwiri. Akuti muno ankalowa ndi Apolisi kudzadzolana, wina msana wa mnzake, palibe nkhani yachizungu. Bambo aja chichotsereni bere sanawaonepo atavula, akamasintha zovala iwo amatuluka kukaona matayala.

"Tsiku lija sindinkafuna kumva za mwana wanu. Ndinkafuna dzanja."



Anandipatsa kachubu podutsa paphewa. Ndinafinyira pazala. Manja anga awa agwira mitu ya anthu zaka makumi atatu, koma chichokereni kusaluni anali asanakhudze munthu. Ndinayamba m'mbali, pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi mwana woopa chipeso. Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika.

Ndati, "Pepani za galimoto zija."

"Munanena zoona. Anameradi mizu."

Ndati, "Mwana wanga ali kutali. Kunyumba kuli ketulo."

"Ndikudziwa. Tembenukani."

Kuzizira kwake! Zala zinayi zija zomwe ndalimbana nazo masiku khumi ndi awiri, iwo anazimaliza ndisanaphethire. Pokandikapo anazungulira bwinobwino, n'kufunsa chinachitika n'chiyani. Ndati ndinamenyana ndi supuni, koma nayonso yavulala.

Misozi itayamba ndinati ndiibise, ndati musaone chonchi, ine ndadzolapo misana 40. Akuti, "Wachiwiri ndi uti?" Nsidze inakwera. Zonse ziwiri.

Potuluka anafunsa za mafuta a madzulo, poti ndi kawiri patsiku. Ndati kwathu n'kutali kwambiri, nyumba yake yaikulu, mungasochere m'makonde. Anangotulutsa cholembera n'kudikira. Ndinawauza. Kuseri kwa owotcherera zitsulo, chitseko chobiriwira.

Ndasesa kawiri. Ndabwereka mpando kwa owotcherera, wa miyendo yosiyana koma ndi mpando. Kapu yachiwiri ndilibe, ine ndimwera m'chivundikiro cha fulasiki. Wigi ndavala, ndavula, ndaibweza pamsomali.

Faifi koloko yadutsa pang'ono. Makina a zitsulo azima. Panja wina akufunsa, mwaulemu ngati ali m'kalasi, kuti amayi a saluni amakhala chitseko chiti.